Musawombere zipolopolo za .45 Colt mu shotgun ya .410

Achimwene, mwafunsa ngati mungawombere zipolopolo za .45 Colt, zomwe ndi za mfuti ya m'manja, mu shotgun yanu ya .410, poti mwaziyesa, zikulowa bwino ndipo mfuti ikutsekeka. Ayi, chonde musayerekeze, pokhapokha ngati pa mpope wa mfutiyo wopanga analembapo zonse ziwiri, .45 Colt ndi .410.

Chimene chikukupusitsani ndi malo olowetsera chipolopolo. Chigoba cha .45 Colt n'chonenepa mainchesi 0.480, pafupifupi chimodzimodzi ndi malowo, n'chifukwa chake chikukhalamo ngati n'kwawo. Koma malo otakasukawo amathera pa mainchesi 2.5 kapena 3. Kutsogolo kwake bowo limachepa kufika mainchesi 0.410, omwe ndi mamilimita 10.4, pamene mutu wa .45 Colt ndi mainchesi 0.452, mamilimita 11.5. Ndiye kuti mukukakamiza chibulumwa cha mtovu cha magalamu 16 kudutsa pabowo loperewera ndi milimita yathunthu. Ngati mutuwo ndi wokutidwa ndi kopa, ndiye zafika poipa chifukwa sufinyika msanga. Kukamwa kwa mpope kuli vuto lina: ma .410 ambiri ali ndi choke, pomwe bowo limapanikizika kuti timipira ta m'chipolopolo cha shotgun tisamwazike, ndipo chitsulo cha chakukamwako chimakhala chopyapyala.

Wina akuuzani kuti mphamvu zake n'zofanana. Pa pepala zikuoneka choncho. Bungwe la SAAMI la ku America, loona za miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, linaika malire a .45 Colt pa 14,000 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wa onga mu mpope), a .410 ya mainchesi 2.5 pa 12,500 psi, ya mainchesi 3 pa 13,500 psi. Koma 14,000 imeneyo anayezera mu mpope wa saizi yoyenera, momwe mutu umayenda mosavuta. Mutu ukachedwa pophanika, onga umapitiriza kuyaka m'malo ochepa, mphamvu ya mpweya n'kukwera kupyola imene mfutiyo inapangidwira.

Zotsatira zake ndi izi: mpope umatupa patsogolo pa malo olowetsera chipolopolo, choke imang'ambika, loko wa mfuti yothyola pakati amayamba kugwedera. Choopsa kwambiri n'chakuti dzanja logwirizira limakhala pansi pa mpope penipeni, nkhope ili pafupi ndi kumbuyo kwake. Mfuti ikhoza kupirira kuwomba koyamba ndi kachiwiri, munthu n'kumati palibe vuto, chonsecho chitsulo chafooka kale. Ndipo ngakhale itapirira, palibe chimene mwapindula. Mkati mwa shotgun ndi mosalala, mulibe mizere yopotana yozunguza mutu, choncho umapita ukugubuduka ndipo simungadziwe kumene ukamenye.

Chipolopolo cha mutu umodzi chopangidwira .410, chija amati slug, n'chosiyana. Chimalemera magalamu 6 kapena 7 okha, ndipo zambiri n'zamtovu wofewa, zamphako kumbuyo, kuti zifinyike podutsa pa choke. Ngati mukufuna mutu umodzi, gulani chimenecho.

Tsono pa zipolopolo za mfuti ya m'manja zimene zingalowe mu .410, .45 Colt ndiyo yofatsa. Chipolopolo cha .454 Casull n'chonenepa mofanana nayo, kungoti n'chachitaliko, ndipo malo a .410 ndi aatali mokwanira kuchilandira. Mphamvu yake imafika 65,000 psi, pafupifupi kasanu kuposa malire a .410. Imeneyo siitupitsa mpope, imaphulitsa mfuti. Cha .44 Magnum, mutu wake 0.429, chimafika 36,000 psi. Chonyenga kwambiri ndi .41 Magnum, chifukwa mutu wake ndi 0.410 ndendende, munthu n'kuganiza kuti wapeza cholingana. Nachonso ndi cha 36,000 psi, komanso chigoba chake n'chowonda moti chimakhala khwekhwerekhwe m'malomo. Chikaphulika chimafufuma mpaka kung'ambika, mpweya wamoto ndi tizidutswa ta chigobacho n'kubwerera kumaso kwanu.

Chisokonezochi chinabwera ndi mfuti zomwe zimawombadi zonse ziwiri, monga Taurus Judge ya 2006, Smith & Wesson Governor ya 2011 ndi Rossi Circuit Judge. Zimenezo zinapangidwa mwanjira ina: mpope wake ndi wa .45, wamizere mkati, ndipo anangotalikitsa malo olowetsera kuti .410 ikwanemo. Chaching'ono chikudutsa pabowo lalikulu. Inu mukufuna kudutsitsa chachikulu pabowo laling'ono. Ngakhale pa mipope ya mfuti ya Thompson/Center Contender ya .45/.410, malangizo ndi akuti muchotse kaye choke musanawombere .45 Colt, ndipo zipolopolo za .454 Casull siziloledwa mu mfuti zolembedwa .45 Colt/.410.

Werengani zolembedwa pa mpope, mufananize ndi zolembedwa pa bokosi ndi kumbuyo kwa chipolopolo. Onaninso kutalika: cha mainchesi 3 chikhoza kulowa m'malo a 2.5 chifukwa kutalikako amayeza chitatseguka, koma powomba kukamwa kwake kumasowa potambasukira ndipo mphamvu imakwera. Zipolopolo za mfuti ya m'manja muzisunge kwazokha, zisasakanikirane m'thumba limodzi ndi za shotgun.

Ngati munawomberapo kale, mfutiyo muisiye kaye. Ichotseni zipolopolo, muyang'ane mkati mwa mpope moloza kowala, kuchokera kumbuyo. Mphete yakuda yozungulira ndi chizindikiro cha kutupa. Yendetsani zala kunja kwa mpope kumva ngati pali pofufuma, onani kukamwa ngati kuli mng'alu, kenako itsekeni n'kuigwedeza kuti mumve ngati loko akusewera. Ngakhale musapeze kanthu, ipititseni kwa katswiri wokonza mfuti akayeze ndi zida zake musanaikemo chipolopolo china, chifukwa ming'alu ina maso saiona.