Laminate ikuterera chonsecho mumakolopa tsiku lililonse? Suzumirani m'ndowamo

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi kagulu kokolopa m'maofesi. Akuti mu ofesi ina anayalamo laminate ndipo pakuterera moti munthu wina anatsala pang'ono kugwa chagada, ndiye iwo anawonjezera sopo nkuyambanso kupaka polishi koma zikungoipiraipira. Akufunsa kuti asinthe mankhwala kapena angowauza eni nyumba kuti anagula zabodza?

Mayi, pepani ndisakubisireni, polishiyo ndi sopo wambiriyo ndi amene akukupwetekani. Laminate si thabwa ayi, imangofanana nalo. Mkati mwake muli bolodi la tiziduswa ta mitengo topanikiza lomwe amati HDF, pamwamba pake chithunzi cha thabwa, kenako kachikuto kolimba ka melamine, komwe kali ngati pulasitiki. Laminate inayamba ndi kampani ya Perstorp ku Sweden mu 1977. Kachikuto kameneka sikamwa kanthu olo pang'ono, ndiye polishi amene pa thabwa lenileni amalowa mkati, apa amangokhala pamwamba nkumadikira nsapato ya munthu. Sopo nayenso chimodzimodzi, madzi amauma iye nkutsalira, mawa mwaikanso wina, pakutha mwezi pali kautoto kosaoneka kamene kakangogunda chinyezi basi ndi thelele.

Ndiye chotsani kaye zakalezo. Sesani kapena dutsitsani huva poyamba chifukwa fumbi losalala lija nalonso limatereretsa. Kenako madzi ofunda okhaokha, mopu ya microfibre yofinya kwambiri, kolopani kachigawo kakang'ono nkupukuta pompo ndi nsalu youma, madzi akangoyamba kuda tayani. Mwina mubwereza katatu kapena kanayi, musatope. Polishi akakanirira funani mankhwala ochotsera amene alembedwa kuti ndi a laminate, ndipo yesani kaye pakona pobisika. Ena amathira viniga pang'ono m'madzi, amachotsadi sopo wotsalira koma ineyo sindingamusandutse wa tsiku ndi tsiku.

Chonde musathire madzi ambiri poganiza kuti mukutsukuluza, komanso mopu ya nthunzi ija ayi. Madzi akalowa molumikizira HDF imafufuma, m'mphepete mumatukuka ndipo sizibwereranso, apo ndiye mlandu wagwera inu.

Pakayera, sopo akhale wa pH 7 kapena chapafupi pomwepo (pH ndi nambala yosonyeza ukali wa mankhwala, 7 ndiye wosaluma), muyezo wake wolembedwa pabotolo, osati wa m'maso. Anyamata ndi atsikana athu amakonda kuona thovu kuti akhutire kuti ntchito ikugwirika, apatseni kakapu koyezera basi nkhani yatha.

Pali akuba ena awiri amene anthu sawaganizira. Woyamba ndi sipuleyi yopukutira matebulo, yambiri imakhala ndi silikoni ndipo mukapopera m'mwamba ina imagwera pansi, mukaona kuti poterera kwambiri ndi mozungulira madesiki dziwani kuti ndi yomweyo. Poperani pa kansalu osati pa tebulo. Wachiwiri ndi mankhwala ofewetsa zovala pochapa mamopu, amamatirira ku ulusi nkukapakika pansi ponse. Ndipo mopu ya kukhitchini isamapite ku resepishoni, imanyamula mafuta.

Za eni nyumbazo, akakuuzani kuti yawo ndi AC4 kapena AC5 musagonje msanga, manambala amenewo amanena za kupirira kuperepeseka osati za kuterera. Kuterera amayeza ndi makina otchedwa pendulum, ndipo ku Britain bungwe loona za chitetezo pa ntchito la HSE limatenga 36 kupita m'mwamba pa makinawo ngati pamene chiopsezo chili chochepa. Ngati mwachotsa zonse koma pakutererabe pali pouma, apempheni ayezetse, aikenso mamati aatali pakhomo oti munthu aponde kangapo asanafike pa laminate. Inuyo mbali yanu kolopani anthu ataweruka, chikwangwani chachikasu chija chiime mpaka paume, ndipo lembani m'kabuku tsiku limene mwasiya polishi.