Kabichi wanuyo sakusowa feteleza

Achimwene, mwatumiza chithunzi cha kabichi wanu wa masamba achikasu n'kufunsa ngati akusowa feteleza. Musathirenso urea, mukungotaya ndalama. Chikasu chili pachithunzi chanucho, choyambira m'mphepete mwa tsamba n'kulowa mkati ngati chilembo cha V, ndi matenda a black rot, owoletsa kabichi, amene amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta bakiteriya. Thyolani tsamba muliyang'ane padzuwa, muona timitsempha tada. Dulani tsinde, mupeza mzere wakuda wozungulira mkatimo.

Chowawa chake n'chakuti mutu umakulunga ndithu. Wogula wochokera ku Tete wafika ndi galimoto kudimba, mtengo mwamvana, aganyu ayamba kudula. Wogulayo ang'amba mutu umodzi, mkati mwada, wina ukutuluka madzi onunkha chifukwa kuwola kwalowerapo. Osatsanzika n'komwe, ulendo kudimba la mnzako. Miyezi itatu yosenza madzi yathera pomwepo. Ine ndikaganiza za anthu ogulitsa mbewu yopima ndi kachitsekero ka botolo pamsika, yopanda dzina, mtima umandiwira. Tizilomboti timayenda m'mbewu momwemo, ndipo ukabwerera kukadandaula amati sudziwa kulima.

Mwati mukazula mubzalapo repu? Ayi! Kabichi, kovi ndi kolifulawa ndi chomera chimodzi, pomwe repu, mpiru ndi chainizi ndi abale ake. Mudzaone akamasula maluwa, onse timasamba ta duwa ndi tinayi, topingasa ngati mtanda. Matenda awo ndi amodzi. Pamalopo ikanipo anyezi, nyemba, chimanga kapena mbatata ya kachewere kwa zaka 3. Zozulazo mukakwirire kutali, musaponye m'ngalande ya madzi.

Tizilomboti timalowera pa timabowo ta m'mphepete mwa tsamba, paja pamakhala timadontho m'mawa. Choncho musalowe m'mabedi mame asanaume, ndipo thirirani patsinde, osati pamasamba. Kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, nthawi ya dzinja ndiye matendawa amafala koopsa.

Mbewu ya kabichi yokayikitsa iviikeni m'madzi otentha madigiri 50 kwa mphindi 25, ya mpiru mphindi 15 zokha, kenako m'madzi ozizira, n'kuyanika pamthunzi. Popanda choyezera kutentha musayese, muiphika. Ya m'paketi yopakidwa kale mankhwala musaviike.

Mankhwala ochiza kulibe, wina asakunamizeni. Komabe mabedi amene sanagwidwewo poperani a kopa masamba atauma, amachedwetsako kufala. Ndipo ngati mitu yatsala sabata ziwiri kuti ikhwime, musazule, dulani msanga mugulitse ku tauni ya Ulongwe ngakhale motchipa.