Mwana wanga satembenuka ndikamuitana

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali ndi chaka ndi miyezi inayi, koma ndikamuitana dzina satembenuka, chonsecho njinga yamoto ikadutsa amadzidzimuka. Sandiyang'ana m'maso poyamwa, ndipo amatha nthawi yaitali akuzunguza chivundikiro cha poto. Apongozi anga akuti ana aamuna amachedwa, ena akuti analodzedwa. Kodi ndidikire? *Mayi wa ku Ngabu, Chikwawa*

Yankho: Mayi, musadikire. Zimene mwafotokozazi zili m'gulu la zizindikiro zoyambirira za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene mwana amachezera ndi kulankhulira ndi anthu, ngakhale kuti amene angatsimikize ndi dokotala womuona mwanayo maso ndi maso.

Ana ambiri pofika miyezi 9 amatembenuka akamva dzina lawo, ndipo pokwanitsa chaka amakhala akubwereza timawu monga "mama" ndi "dada". Koma chimene ndikupemphani kuti muonetsetse kwambiri ndi chala chake. Mwana amene akuyandikira miyezi 18 akaona ngolo ya ng'ombe ikudutsa amailoza, kenako n'kutembenukira kwa mayi ake, osati pofuna kupatsidwa kanthu, koma kuti nawonso aone chimene chamusangalatsa. Inunso yesani kuloza mbuzi kapena nkhuku, muone ngati atsatire chala chanu ndi maso. Mwana akamalephera zonse ziwirizi, kapena akasiya mawu amene ankawatchula kale, ayenera kuonedwa msanga.

Choyamba ndi kuyezetsa makutu, chifukwa kudzidzimuka ndi phokoso lalikulu sikutsimikizira kuti mwana akumva bwino mawu a munthu, makamaka ngati anatulukapo mafinya m'khutu kapena anadwalapo malungo aakulu, omwe kuno kuchigwa sasowa. Tsiku la sikelo afotokozereni alangizi a zaumoyo zonsezi, zilembedwe m'buku la mwana, ndipo mupemphe kalata yopitira kuchipatala cha boma ku Chikwawa. Kumeneko angathe kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe amayeza makutu a ana.

Apongozi anu akulankhula mwachikondi, choncho ndi bwino muwatenge popita, akamve okha kuti autism si ufiti, siyamba chifukwa cha katemera, ndiponso si kulakwa kwanu. Mbali yaikulu imachokera ku chibadwa. Pakadali pano, akamazunguza chivundikirocho musamulande. Khalani pamphasa moyang'anizana naye, tengani chanu muzizunguza limodzi, muzimutchula dzina ndi kumuimbira, ndipo akangokuyang'anani ngakhale pang'ono, mumumwetulire nthawi yomweyo.