Funsani Azakhali: Kodi ndi mano kapena mwanayu akudwala?

Azakhali, ine ndili ndi mwana wamwamuna wa chaka ndi miyezi 4, ndi woyamba. Sabata ino yonse sitikugona mnyumba muno, akungolira usiku, dovu lili chuchuchu mpaka kamalaya kunyowa pachifuwa ndipo chilichonse chomwe wagwira akuponya mkamwa olo silipasi. Phala akukana koma bere lokha ndiye safuna kulisiya. Kuyambira dzana wayamba kutsekula mmimba kanayi patsiku ndipo thupi likutentha usiku. Apongozi anga akuti ndisavutike kupita kuchipatala ndi mano amenewo, ana awo onse 7 anadutsamo. Bambo ake akugwirizana ndi mayi awo. Ine mtima sukukhazikika koma ndikuopa kuoneka wamwano poti ndikukhala pakhomo pawo. Nditani?
Mayi wa mwana mmodzi, Ndirande

Mwana wanga, ndiyambe ndi zomwe apongozi akowo akunena zoona. Pa msinkhu umenewo mano akuluakulu akumbuyo otafunira aja amakhala akutuluka, nthawi zambiri pakati pa miyezi 13 ndi 19, ndipo amenewa amavutitsa kuposa timano takutsogolo tija chifukwa ndi otambalala, amaboola nkhama pamalo paakulu. Nde dovulo, kuluma silipasiko, kulira usikuko, kukana phala nkumangofuna bere, zonsezo ndi mano ndithu sindikutsutsa. Ukatsegula kukamwa kwake mwina uona nkhama zatupa kumbuyoko zafiirira, ana ena amakhala akukoka khutu la mbali yomweyo.

Koma kutsekula kanayi patsiku ndi thupi lotentha, ayi, pamenepo ine ndi apongozi akowo tasiyana njira. Dzino silitsekulitsa mmimba. Thupi likhoza kufunda pang'ono chabe, koma likafika madigiri 38 kapena kuposa, kapena ukamugwira pamimba nkumva kuti pakuotcha, pali china chikumudya mwanayo ndipo dzino langokumana nacho panjira.

Chimene chimasokoneza anthu ndi ichi. Mano amayamba kumera mwana ali ndi miyezi 6 chakomweko, ndipo ndi nthawi yomweyo yomwe timayamba kumupatsa phala ndi madzi, yomwe amayamba kukwawa nkumatola chilichonse pansi, komanso chitetezo chomwe anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimakhala chikutha mphamvu. Ndiye mano 20 onse aja kuti akwanire zimatenga mpaka zaka pafupifupi 3, kutanthauza kuti tsiku lililonse lomwe mwana wadwala mzaka zimenezi ukayang'ana mkamwa upezamo dzino lomwe likutuluka kapena langotuluka kumene, basi mlandu nkugwera dzino. Silipasi yomwe akulumayo yaponda kuti? Kuchimbudzi, pamatope, pomwe nkhuku zadutsa. Mmimbamo mwalowa zimenezo osati dzino.

Ndipo kuno kwathu thupi lotentha pa mwana wosakwana zaka 5 sitichita nalo zoyerekeza chifukwa cha malungo. Kuyezetsa kwake ndi kadontho ka magazi pachala, mphindi 15 kapena 20 zotsatira zatuluka, kuchipatala cha boma nkwaulere. Akapezeka nawo amupatsa LA, akapanda kupezeka nawo ayang'ana khutu, kukhosi, chifuwa. Malungo pa kamwana kotere sadikira kuti akuluakulu amalize kukambirana, masiku awiri atatu okha akhoza kumutha magazi kapena kumukomola. Pita lero, usadikire tsiku la sikelo.

Uku ukukonzeka yamba kumumwetsa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, akachita chimbudzi chamadzi umupatse kota mpaka theka la kapu pang'onopang'ono ndi supuni, akasanza dikira mphindi 10 uyambirenso. Kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo akupatsanso zinki woti amwe tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, umalize onse olo kutsekulako kutasiya mawa. Bere usamuletse, panopa ndi lomwe likumusunga. Ukaona maso alowa, liwombo lalowa, mkodzo wachepa, akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, mchimbudzi muli magazi, wafooka ngati kansanza kapena wayamba kukomoka, imeneyo ndi ya usiku womwewo olo pa kabaza. Za liwombo ndinenepo pang'ono poti ndikudziwa zomwe zimachitika mmakomomu, likalowa mkati ndiye kuti madzi atha mthupi, zomata pamutu zija sizibweza madzi.

Za apongozi usakangane nawo, sungawine ndipo sizofunika. Ukawauze mwaulemu kuti amayi, mano ndawaona akutulukadi koma tiyeni mundiperekeze akangomuyeza malungo kuti tonse tigone ndi mtendere. Agogo ambiri ukawatenga nkupita nawo amasanduka iwo olimbikitsa, akamva okha kwa adokotala mawa ndi omwe aziuza anzawo kuchitsime. Akakana bereka mwana wako upite, akakwiya adzakhululuka. Bambo akewo auze kuti ndawafunsa ngati iwo anagonako bwino sabata ino.

Zikomo azakhali. Ine ndine bambo, mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi 10 mano 4 atuluka ena akubwera. Sakudwala ayi, akudya akusewera koma usiku ndi nkhondo ndipo wayamba kuluma mayi ake akamayamwa mpaka akufuna kumusiyitsa. Mlamu wanga ali ku Johannesburg watitumizira ka mankhwala kopaka mnkhama ndi mkanda wovala mkhosi akuti umachotsa ululu. Tigwiritse ntchito? Komanso anzanga ena akuti ndizimupaka kachasu pang'ono kapena uchi agona bwino.
Bambo wosagona, Area 25

Bambo, choyamba ndakondwa kuti mwalemba ndinu, makalata a nkhani zimenezi ambiri amachokera kwa azimayi ngati kuti abambo makutu amatseka usiku.

Anzanu a kachasuwo muwasiye amwe okha. Mowa kwa khanda olo kadontho ndi poizoni, umagwetsa shuga mthupi ndipo kugona komwe akunenako sikugona kwabwino ayi. Uchi nawonso osamupatsa mwana asanakwane chaka, umatha kukhala ndi tizilombo tomwe matumbo a khanda sangalimbane nato nkumufooketsa thupi lonse mpaka kupuma.

Ka mankhwala ka alamu anuwo tembenuzani paketi muwerenge zomwe zalembedwa. Mukaona mawu oti benzocaine musapake, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza mu 2018 kuti asamapatsidwe ana osakwana zaka 2 chifukwa amatha kusokoneza magazi kuti asanyamule mpweya bwino. Mukaona choline salicylate, ameneyo ndi wachibale wa asipirini, mufunse kaye kwa adokotala kapena ku famase. Ndipo kunena zoona olo tabwinobwino timene sitithandiza kwenikweni, mwana wa dovu chonchi mukapaka mphindi ziwiri zokha wameza kale. Mkandawo ayi ndithu, FDA yomweyo inachenjezanso za mikanda imeneyi chaka chomwecho ana ena atavulala nayo, wina mpaka kumwalira. Ukhoza kukola pa china chake ali mtulo nkumupotokola khosi kapena kuduka iye nkumeza kamkanda. Izi ndikunenanso kwa omwe amamangirira tizingwe ndi mphinjiri mkhosi mwa ana, sindikulowerera zachikhulupiriro chanu koma chingwe pakhosi pa mwana wogona ine chimandichititsa mantha. Alamuwo athokozeni bwinobwino anachita ndi mtima wabwino, ulendo wina atumize matewera.

Zomwe zimathandiza nzotchipa mpaka anthu sazikhulupirira. Sambani mmanja ndi sopo muzimutikita nkhamazo ndi chala mwamphamvu pang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, poyamba akana kenako muona akukanikiza yekha. Kansalu koyera konyowetsa mmadzi ozizira owiritsa, kapena supuni yachitsulo yomwe yakhala mmadzi ozizira, aziluma inu muli pompo. Amene muli ndi filiji ikani mmunsi osati mufiliza, chowuma gwaa chimapweteka nkhama. Chinangwa chachiwisi, karoti kapena chimanga chokazinga musamupatse, ali ndi mano akutsogolo oti akhoza kubenthula chidutswa koma alibe otafunira, chimutsamwa. Dovu muzimupukuta pafupipafupi nkupaka Vaseline pachibwano kuti pasatuluke totupa. Usiku womwe zafika povuta Panado wa ana wamadzi uja amaloledwa, muyezo wake umatengera kulemera kwa mwana nde tengani buku lake lakusikelo mukafunse, osapitirira kanayi pa maola 24 komanso osati sabata yonse daily. Asipirini ndi mapilisi a akuluakulu ogula pa okala, osayerekeza kumubenthulira.

Za kulumazo, mayi asamusiyitse chifukwa cha zimenezi, miyezi 10 ndi yochepa kwambiri, achipatala amalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Mwana akamayamwa zenizeni lilime limaphimba mano akumunsi sangalume, amaluma akakhuta nkuyamba kusewera. Nde mayi azikhala tcheru chakumapetoko, akaona wayamba kuchedwetsa alowetse kachala kakang'ono pakona pa kamwa nkumuchotsa. Akaluma anene kuti ayi ndi nkhope yosaseka amuike pansi kwa kanthawi. Kukuwa kapena kumumenya kambama kumangopangitsa ena kunyanyala bere, ena amaona ngati sewero nkubwerezanso akuseka, ana ndi anthu ovuta inu. Dzino limodzi limavutitsa masiku ochepa lisanatuluke ndi ochepa litatuluka, pafupifupi sabata. Kulira kwa usiku kukapitirira masabata awiri atatu osasintha mukamuonetse khutu. Ndipo inu bambo muzimunyamulako usiku wina mayi agoneko, ntchito mmawa tonse tili nayo.

Azakhali mwana wanga wakwana chaka alibe dzino olo limodzi pomwe wa neba wa miyezi 7 ali ndi awiri. Anthu ayamba kundinena kuti mwina ndinalakwitsa china chake ndili woyembekezera.
Wodandaula, Mchinji

Palibe chomwe unalakwitsa. Ena amayamba miyezi 4 ena chaka chitadutsa, nthawi zambiri zimayendera kumtundu, kafunse mayi ako kapena apongozi kuti inu munamera liti. Bola ngati akukwera bwino pasikelo ndipo akudya. Akafika chaka ndi theka kulibe kanthu ukamuonetse kwa dokotala wa mano pachipatala cha boma. Chimodzi chokha ndikuletse, wina asakuuze zomucheka kapena kumukanda nkhama ndi lezala kapena singano kuti mano atuluke msanga. Kumaiko ena a kummawa kwa Africa monga Uganda ndi Tanzania kuli mchitidwe wokolokosola timano tomwe tisanatuluke ati ndi tomwe tikudwalitsa mwana, ana ataya magazi, ena kutenga matenda oopsa ndipo mano enieni odzamera pambuyo amatuluka opunduka kapena osatuluka nkomwe. Likadzangotuluka loyambalo uyambe kulitsuka kawiri patsiku ndi kamswachi kofewa ndi mankhwala otsukira mano kadontho kochepa ngati kambewu ka mpunga, ndipo tiyi wa shuga kapena Sobo mbotolo pogona ayi, ndi zomwe zimabowola timano takutsogolo tija mwana asanayambe ndi nasale komwe.