Ofesi ikhale kuti: m'tauni, ku Limbe kapena kumayadi?

Mayi wina wa ku Bangwe wandilembera imelo. Amathandiza eni mashopu kusunga mabuku a ndalama ndi kulemba za msonkho, ndipo watopa kugwirira ntchito pabalaza. Anzake akumukopa kuti achite nawo lendi nyumba ku Namiwawa, ati kumeneko ndiye kopatsa ulemu. Akufunsa ngati apite.

Achemwali, funso lanu landikhudza chifukwa zoterezi ndinaziona ndi maso angawa. Ndinagwirapo ntchito pa kampani ina yaing'ono ya zowerengera ndalama. Tinali pamwamba pa sitolo ina chakufupi ndi Haile Selassie Road, kachipinda kothina, masitepe amdima. Koma kubanki tinkapita wapansi, ku Msonkho House kwa a MRA wapansi, maloya amene tinkagwira nawo ntchito anali tsidya la msewu. Mesenjala akanyamuka ndi envulopu, tiyi asanazizire wabwerako. Kenaka abwana anatopa ndi kusowa poimika galimoto, n'kutisamutsira kumayadi, nyumba yampanda, kapinga wobiriwira. Kukongola kunalipo, sindikana. Koma makasitomala athu ambiri anali okwera minibasi. Munthu atsike pa siteji, ayende mtunda dzuwa likuswa mtengo, afike pageti mlonda ayambe kumupanikiza ndi mafunso ngati wabwera kudzapempha ganyu. Ambiri anangosiya kubwera, osatsanzika n'komwe. Nafenso antchito tinavutika: pogula nkhomaliro yotsika mtengo panalibe, ndipo ndalama ya thiransipoti inkathera pa kabaza.

Anthu amaiwala kuti mzinda uno unali matauni awiri. Blantyre ndi Limbe anawaphatikiza mu 1956, koma mpaka lero aliyense ali ndi khalidwe lake. Limbe anakula ndi njanji ndi fodya. Okushoni ya fodya ili komweko, likulu la Illovo lili komweko, maholoselo ali mbwee, ndipo ndalama yake ndi ya katundu wotsitsidwa m'mathiraki. Ku Blantyre ndiko kuli mabanki, makampani a inshulansi ndi Malawi Stock Exchange. Boma linasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma likulu la National Bank likadali pa Henderson Street. Pakati pa Blantyre ndi Limbe, mumsewu wa Masauko Chipembere, pali Ginnery Corner ndi Chichiri, kumene kuli khoti lalikulu, maofesi a khonsolo ndi bwalo la chionetsero cha zamalonda. Makampani othandiza mabizinesi ena saunjikana malo amodzi mwangozi. Loya amafuna khoti ndi banki pafupi, wowombola katundu amafuna eni katundu pafupi, ndipo onsewa amatumizirana makasitomala pokumana m'makhonde.

Tsono ndinene mosapsatira. Kumayadi n'kwa makampani amene makasitomala awo ndi mabungwe ndi makampani akuluakulu, anthu obwera pa galimoto atapangana kale nthawi. Kwa ena tonsefe n'kudzionetsera chabe, ndipo kumandipweteka mtima kuona achinyamata aluso akuthera kampamba kawo pa lendi ya kapinga. Palinso china chimene sitichikamba: nyumba iliyonse yosanduka ofesi ku Mandala kapena ku Sunnyside ndi banja limodzi lokankhidwira kutali, lendi n'kumakwererabe.

Ena ati masiku ano zonse zili pa intaneti, ofesi ikhale paliponse. Zoona, msonkho tikulemba pa Msonkho Online, ndalama zikuyenda pa foni. Koma mwini shopu wa ku Limbe malisiti ake amabwera nawo mu jumbo, ndipo asanakuonetseni zinsinsi za bizinesi yake amafuna akhale nanu pansi, akuyang'aneni m'maso. Sangatseke shopu theka la tsiku kuti akakufuneni kuseri kwa mpanda.

Nanga inuyo mutani?

Lembani pamene pali mashopu a makasitomala anu. Ngati ambiri ali ku Limbe ndi ku Bangwe, funani kachipinda ku Limbe konko, pafupi ndi pokwerera minibasi, ngakhale kogawana ndi mnzanu. Musanasaine, funsani zimene zimachitika magetsi akazima, ngati madzi amatuluka, ndi miyezi ingati ya lendi imene eni nyumba akufuna pasadakhale. Laisensi ya bizinesi mukatenge ku khonsolo, ndipo mukadzafunabe nyumba yakumayadi mtsogolo, mudzaone kaye ngati khonsolo inaloleza kuti ikhale ofesi.