Mtengo wa ku Gabon ndi mpoza wathu, pali chibale chanji?

Mayi wina wophunzitsa sayansi kusekondale wanditumizira imelo. Akuti anawerenga za Sirdavidia solannona, mtengo wa ku Gabon womwe akatswiri anaulengeza mu 2015, ndipo mutu waima: duwa lake ngati la tomato, koma akuti ndi wa m'banja la mpoza. Akufunsanso chochita ndi kamtengo kachilendo komwe ophunzira awo anakaona kuphiri.

Mayi, mwandikanda pachilonda. Ine ndinakula ndikudya mapoza kubusa, ndipo amene anandiphunzitsa mitengo ndi agogo anga aakazi, omwe sanapondeko m'kalasi. Iwo sankakhulupirira maso okha. Ankathothola tsamba, kulifikisa pakati pa zala, kulinunkhiza, nthawi zina kusenda kakhungwa kuti aone ngati kakutuluka luzi. Ndili mnyamata ndinapeza kachitsamba m'mphepete mwa khwawa komwe ngakhale agogowo anapukusa nako mutu. Ndinaumitsa nthambi yake m'nyuzipepala n'kupita nayo ku ofesi ina kuboma. Bambo amene ndinawapeza sanatsegule n'komwe nyuzipepalayo. Anandifunsa ngati ndikufuna chilolezo chodula mitengo, ndipo nditati ayi anandiuza kuti masamba ali ponseponse. Khwawa lija pano ndi dimba la kabichi. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndipo si chifukwa chakuti ndikuganiza kuti ndinali nditatola golide. Chondiwawa n'chakuti palibe anayang'ana.

Tsono taonani za ku Gabon. Katswiri wa zomera Thomas Couvreur ndi anzake sanaupeze mtengowu kuchipululu kosafikako munthu. Unali pafupi ndi msewu m'nkhalango ya Monts de Cristal, dera lomwe akatswiri a zomera akhala akuliyenda kwa zaka zambiri. Chinafunika ndi munthu woti aime n'kuwerama.

Duwa lake n'lonamiza ndithu. Pitani kuseri kwa sukulu mukathyole duwa la nthula kapena la mabiringano, muone timitu tachikasu tomwe tasonkhana pakati ngati kansonga. La Sirdavidia lilinso choncho, ndipo timasamba take tofiira tinapindikira kumbuyo. Pa tomato ndi nthula, njuchi zina zimagwira kansongako n'kunjenjemera mpaka mungu kugwa, ndipo ofufuzawo akuganiza kuti mtengo wa ku Gabon umachitanso chimodzimodzi, pomwe abale ake ambiri amadalira tizikumbu. Ndiye kufananako kwabwera ndi ntchito. Zomera zosiyana mtundu zikamakopa mlendo mmodzi zimafika povala mofanana.

Chibale n'fupa, sichiola, ndipo kwa zomera fupalo ndi DNA, tinthu ta m'maselo tomwe chamoyo chimatengera kwa makolo ake. Ataiyeza, mtengowu unagwera m'banja la Annonaceae, lomwe lili ndi mitundu yoposa 2,000, kuphatikizapo mpoza wathu, Annona senegalensis. Koma musawauze ana kuti awiriwa ndi apachibale chapafupi. Nthambi zawo zinapatukana kalekale. M'bale wake weniweni ndi Mwasumbia alba wa m'nkhalango ya Kimboza ku Tanzania, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000 kuchokera ku Gabon. Akatswiri amafotokoza kuti nkhalango yamvula inkayala kuchokera kumadzulo kwa Africa mpaka kum'mawa, kenako pakati panauma, abale n'kutsalira uku ndi uko.

Apa ndipatuke pang'ono. Sirdavidia anautcha polemekeza Sir David Attenborough, muulutsi wa ku Britain wa mapulogalamu a zachilengedwe pa TV. Mu 2022 mtengo wina wa banja lomweli, wa m'nkhalango ya Ebo ku Cameroon, anaupatsa dzina la Leonardo DiCaprio, katswiri wa mafilimu wa ku America yemwe anathandiza kufuula kuti nkhalangoyo isadulidwe. Ndikumvetsa, dzina lotchuka limaitana atolankhani. Koma lomwe limandisangalatsa ine ndi la Mwasumbia, chifukwa ndi la Leonard Mwasumbi, katswiri wa zomera wa ku Tanzania komweko. Ndinene mosapsatira: tikapitiriza kuphunzitsa ana kuloweza mayina a zigawo za duwa pabolodi osawatulutsa panja, odzatchula mitengo ya ku Mulanje ndi ku Nyika adzakhalabe alendo, ngati makala adzakhale atasiyako ina.

Nanga kamtengo ka ophunzira anu?

Musakazule. Jambulani duwa, chipatso, khungwa ndi tsamba mbali zonse ziwiri, mulembe tsiku ndi malo enieni. Ngati si m'nkhalango yotetezedwa, dulani kanthambi kamodzi kokhala ndi duwa, mukapanikize m'nyuzipepala pansi pa mabuku olemera, muzisintha pepalalo mpaka kaume. Funsaninso akuluakulu a m'mudzimo dzina lake ndi ntchito yake. Zonsezi mupite nazo ku National Herbarium ku Zomba, komwe akakafananize ndi zomera zouma zomwe amasunga. Mwina akakuuzani kuti n'kodziwika kale, poti nthawi zambiri zimatero, koma tengani ana awiri kapena atatu paulendowo akaone okha mmene amafananizira.