Akuti mkazi wake akapanda kubwerera adzipha

Azakhali,

Ndine mkulu wa mpingo kuno ku Area 25, komanso nkhoswe ya banja lina lachinyamata. Mwamunayo amachita kabaza wa njinga yamoto. Anatenga katapila, ngongole inakula mpaka anamulanda njingayo. Kunyumba kunabuka mikangano, tsiku lina anamenya mkazi wake, ndipo mkaziyo anatenga ana n'kupita kwa achemwali ake ku Kawale. Lachitatu usiku mnyamatayo anabwera kwathu, anangokhala pakhonde, nsima anaikana. Anati, "Abambo, mayi a ana akapanda kubwera sabata ino, mudzangomva uthenga. Koma musauze munthu." Ndinamudzudzula kuti kudzipha ndi tchimo, tinapemphera, anapita. Dzulo ndamva kuti wapereka foni ndi suti yake ya ukwati kwa mng'ono wake. Mayi akunyumba akuti akungoopseza, wofuna kudzipha salengeza. Kodi ndikamunyengerere mkaziyo kuti abwerere?

Mkulu wa mpingo, Area 25

Bambo mkulu wa mpingo,

Mukamaliza kuwerenga, valani nsapato mupite kumene kuli mnyamatayo. Lero lomwe, osadikira Lamulungu. Mayi akunyumba ndimawalemekeza, koma apa aphonya. Ambiri amene anadzipha anali atanenapo, ena mwanthabwala, ena kwa munthu mmodzi yekha ngati mmene wachitira uyu, ndipo timadzakumbukira pasiwa kuti paja ananena. Za suti ndi fonizo zandidetsa nkhawa kuposa mawu akewo. Munthu akayamba kugawa katundu ngati wapaulendo, maganizo afika patali.

Mukafika musazungulire. Mufunseni maso ndi maso: "Mwana wanga, kodi ukuganiza zodzipha? Wakonza kale mmene uchitire?" Anthu amaopa kuti funso lotere limupatsa nzeru yoipa. Ayi, nzeruyo ali nayo kale, ndipo kufunsidwa kumamupeputsa mtima chifukwa wapeza woti amuuze. Mukafunsa, khalani chete mumve. Ife akutchalitchi matenda athu ndi amenewa, munthu asanamalize kulankhula tatsegula kale vesi.

Zoti ndi tchimo akuzidziwa, anakulira m'Sande sukulu. Panopa akudziona ngati mwamuna wolephera, wopanda njinga, wopanda banja, woti anzake pasiteji akumuloza chala. Mukamuwonjezera moto wa Gehena pamwamba pa katundu ameneyu, chimene aphunzire n'chakuti asadzakuuzeninso kanthu. Kumbukirani Eliya pa 1 Mafumu 19, atakhala pansi pa mtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa, anamupatsa mkate ndi madzi, mneneriyo anagonanso, ndipo zokambirana zinabwera pambuyo. Pempheranitu naye, pemphero sindikuletsa, koma lisakhale njira yotsekera nkhani kuti munthu azipita.

Chinsinsi chimene anakusungitsanicho musachisunge. Muuzeni poyera kuti moyo wake ndi waukulu kuposa lonjezolo, ndipo musankhe limodzi anthu awiri oti adziwe, kaya mng'ono wakeyo ndi amalume ake. Awiri basi. Musakaiponye pa gulu la WhatsApp la mpingo m'dzina lopempha mapemphero, chifukwa dzuwa lisanalowe ikhala itafika pamsika wa Nsungwi. Masiku ano asagone yekha. Wachibale achotse m'nyumbamo mankhwala a makoswe, a mbewu, mapilisi ndi chilichonse chimene angadzipweteke nacho, komanso mowa autalikire, pakuti umachotsa mantha.

Kenako kuchipatala. Ku Bwaila kuli mbali yoona za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ali ku Area 43, kumene kuli aphungu odziwa ntchito imeneyi. Musangomulozera njira, kwerani naye minibasi. Mwamuna wa Chimalawi kumuuza kuti apite yekha kukaonana ndi dokotala wa maganizo, amayankha kuti "ine sindine wamisala" n'kukhotera kwina. Mukakhala pambali pake inu, munthu amene amakulemekezani, manyaziwo amachepa. Mukamupeza atamwa kale chinthu, musatayenso nthawi ndi kumumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa, thamangirani naye ku Kamuzu Central.

Tsono funso lanu lija. Ayi, musakamunyengerere mkaziyo. Anachoka atamenyedwa, ndipo mkazi si mankhwala. Mukamubweza ndi mawu oti "akafa mlandu ndi wako", mwamusenzetsa mtolo umene si wake, ndiponso mwaphunzitsa mwamunayo kuti mawu amenewa ndi chingwe chokokera mkazi. Mwamuna amene wataya mtima chonchi akhozanso kuvulaza mkazi ndi ana. Kudzera kwa nkhoswe ya kuchikazi, mudziwitseni mmene zinthu zilili kuti akhale tcheru, ndipo akaopsezedwa apite ku Victim Support Unit ya polisi. Za kubwererana mudzakamba munthu akachira, mkaziyo atafuna yekha.

Katapilayo musamuiwale, ndiye gwero. Khalani pansi ndi amalume ake, mulembe papepala ndalama imene anatenga ndi imene wabweza kale, mupite limodzi kwa mwini ndalama mukagwirizane kabwezedwe. Ngongole ikakhala m'mutu mwa munthu mmodzi usiku imaoneka ngati phiri la Ngala.

Akayamba kuoneka bwino musamutaye, muzimuyendera ndithu sabata ndi sabata. Ndipo nsima anaikana Lachitatu ija, auzeni mayi aphikenso madzulo ano, mubwere naye.

Azakhali